Za mankhwala opopera mmphuno aja, ndapeza yankho

Paja sabata yatha ndinafunsa kuti bwanji mphuno yanga ikungotsekeka ngakhale ndikupopera mankhwala tsiku ndi tsiku, ena munati ndi fumbi, ena munati ndifukize bulugamu. Lolemba ndinapita kuchipatala, adokotala atangoona kabotolo kanga anafunsa kuti ndayamba liti, nditati miyezi iwiri yapitayo anangopukusa mutu.

Mankhwalawo ndi xylometazoline, ntchito yake ndi kufinya timitsempha ta magazi ta mkati mwa mphuno kuti kutupa kuphwe mpweya uzidutsa, koma sayenera kupitirira masiku 7, ukapitiriza ndiye mphamvu yake ikangotha timitsempha tija timatupa kuposa poyamba, iwe nkupoperanso, kutsekekanso, kupoperanso, basi ukapolo weniweni. Andiuza ndisiye mbali imodzi kaye ndizitsuka ndi madzi a mchere aku famase. Usiku woyamba ndinagona kukamwa kuli yasa ngati chambo cha pamsika, pano bolako.

Chomwe chinandidabwitsa nchakuti adrenaline nayenso amafinya mitsempha chomwechi, amamusakaniza ndi lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi, mu jakisoni wozulira dzino kuti dzanzi likhalitse komanso magazi asatuluke ambiri, nchifukwa chake ena mtima umathamanga pang'ono akabayidwa. Munthu akalumidwa ndi njuchi nkutupa pakhosi BP nkutsika, yemweyo ndi amene amabaya pantchafu.

A BP yokwera muzifunsa kaye musanagule mankhwala opopera mmphunowa, ngakhale mapiritsi a chimfine okhala ndi pseudoephedrine. Kabotolo ka amayi anga ndawalanda dzulo, mpaka pano sakundilankhula bwinobwino.