Ndiikemo chiyani m'chidebe cha mankhwala a pakhomo?

Mayi wa ku Chamama:
Abale, ndigawireni nzeru. Lachiwiri usiku mwana wanga wa zaka 3 anadzikhuthulira phala lamoto pamkono. M'nyumba munalibe ngakhale bandeji, munali Panado muwiri yekha m'kapu pawindo, wosadziwika kuti anagulidwa liti. Apongozi anati timupake Colgate, ine ndinakana, ndinangomuthira madzi mpaka kabaza anapezeka. Kuchipatala anamuthandiza ndipo bala likupola, koma mtima wanga sunakhale pansi. Kuno kukafika ku Kasungu boma ndi ulendo, makamaka dzinja lino. Ndatsuka chidebe chotsekeka bwino. Ndiyambe kugula chiyani? Ndalama n'zochepa, fodya sitinagulitse.

Namwino wopuma, Mtunthama:
Pepani kwambiri amayi. Munachita bwino kukana. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20. Osapaka dzira kapena mafuta ophikira, ndipo matuza musaboole. Mukatero phimbani ndi nsalu yochapa bwino, osati thonje, chifukwa limakakamira pabala.

Choyamba kugula ndi Thanzi ORS, poti nyengo ino matenda otsekula m'mimba amafooketsa ana msanga. Paketi imodzi musungunule mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, ndipo otsala pakatha maola 24 mutaye. Kenako bandeji, pulasitala, magolovesi, sizasi yaing'ono, sopo wake wapadera, ndi Panado wa ana ndi wa akulu. Aspirin musamupatse mwana. Zikayenda mudzagule choyezera kutentha kwa thupi.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musasunge LA, mankhwala a malungo aja, wotsala kwa wina. Ndinaona ana ambiri akufika atafooka chifukwa kunyumba ankangowamwetsa zotsalira. Mwana akatentha thupi akayezedwe malungo tsiku lomwelo, ngakhale kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu.

Mlimi wa ku Santhe:
Anamwino anena zonse, ine ndingowonjezera za kasungidwe. Chidebe chikhale pamwamba poti ana sangafikire, koma osati pafupi ndi malata, kumatentha. Chisayandikanenso ndi mankhwala opopera fodya. Ine ndimachitsegula kawiri pachaka, pobzala ndi pokolola, n'kuwerenga tsiku lothera mphamvu ya mankhwala, lolembedwa pafupi ndi EXP. Mapilitsi amene achoka m'pepala lake sindiwasunganso. Chaka chatha ndinadzitema ndi chikwanje pamwendo, chinandipulumutsa ndi bandeji imene tinapanikiza nayo pabala, kenako ndinakabaya jakisoni wa kafumbata. Pachivindikiro lembaninso nambala ya wanjinga yamoto amene amayankha foni usiku.

Mayi wa ku Chamama:
Zikomo anamwino, zikomo bambo. Za nambalayi sindinaziganizire n'komwe, chonsecho tsiku lija tinataya nthawi yaitali tikugogoda m'makomo. Loweruka pamsika ndiyamba ndi Thanzi, bandeji ndi Panado wa ana. Apongozi ndawawerengera zonsezi, akufunsa ngati uchi nawonso suloledwa pabala lamoto.