Ndikupempha maganizo a omwe adaonera Hollow Man 2

Moni nonse okonda mafilimu. Kagulu kathu koonera mafilimu kandipatsa udindo wotsogolera zokambirana za Hollow Man 2, koma ndikusowa maganizo a anthu wamba omwe adaionera mpaka kumapeto.

Filimuyi idatuluka mu 2006 pa DVD, ndipo adaitsogolera ndi Claudio Fäh. Christian Slater akusewera ngati msilikali Michael Griffin, yemwe adasandutsidwa wosaoneka ndipo akusakasaka mayi wasayansi wodziwa mankhwala oti thupi lake lisawonongeke, pomwe wapolisi wa ku Seattle, yemwe ndi Peter Facinelli, akuyesetsa kumuteteza mayiyo.

Ndafufuza pa intaneti, koma zambiri zomwe ndapeza zikungoiyerekeza ndi Hollow Man yoyamba ya mu 2000, yomwe adaitsogolera ndi Paul Verhoeven, momwe thupi la Kevin Bacon limazimiririka pang'onopang'ono, khungu, minofu kenako mafupa. Ndafunsanso anzanga, ndipo awiri okha ndi omwe adaionera, wina adasiyira pakati.

Ine ndaionera kawiri. Zikuonekeratu kuti ndalama zidali zochepa, chifukwa Slater timangomumva mawu nthawi yaitali, komabe nkhondo ya kumapeto, pomwe anthu awiri osaoneka akumenyana mvula ikuonetsa maonekedwe a matupi awo, idandigwira mtima.

Kodi inu mudachita nayo mantha, kapena mudaiona ngati nkhani ya apolisi chabe? Nanga munthu yemwe sadaonere yoyamba angaimvetse bwino? Chonde ndithandizeni Loweruka lisanafike.