Mzere wa pansi wa tmux ukungotulutsa timabokosi, ndithandizeni

Akuluakulu, ndagwira njakata kuno. Ndimalowa pa seva ya Ubuntu ndi pulogalamu ya PuTTY kudzera pa SSH (njira yotetezeka yolowera pa kompyuta yakutali), kenako n'kutsegula tmux, pulogalamu yotsegula mawindo angapo olemberamo malamulo pa sikirini imodzi. Dzana ndinakongoletsa mzere wa pansi uja, woonetsa mayina a mawindo ndi nthawi, poikamo timivi ta Powerline (tizizindikiro tapadera tokongoletsera mzerewo). Kungoyambira pamenepo zinthu zinasokonekera.

Poyamba pamalo pa timivi pankatuluka timizere tapansi, ngati _ _. Nditayambitsa ndi tmux -u (yokakamiza tmux kugwiritsa ntchito UTF-8, dongosolo loonetsera zilembo zamitundumitundu) timizereto tinachoka, koma tsopano pali timabokosi topanda kanthu. Mitundu yokha ndiye ili bwino, chifukwa mu fayilo ya makonzedwe a tmux, ~/.tmux.conf, ndinalembamo set -g default-terminal "screen-256color" ndi kupanga tmux kill-server. Mu PuTTY, pa Translation, ndasankha kale UTF-8. Ndikalemba locale (lamulo loonetsa makonzedwe a chilankhulo ndi zilembo) pa seva ikuti LANG=C, ndipo font yanga ikadali Courier New (sindinaisinthepo chiikireni, ulesi basi).

Ndiye vuto lagona pati, pa locale kapena pa font? Ngati ndi font, ndiiike pa laputopu yanga ya Windows kapena pa seva? Sevayo timagwiritsa ntchito anthu angapo, choncho sindikufuna kusintha locale mwachisawawa n'kusokonezera anzanga.