Nkhalango ya Malawi ndi ya Mozambique: manambala sakugwirizana ndi zimene tikuona

A Ngozo, Ntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni. Lipoti lomwe ndikulemba likufuna kuyerekeza nkhalango yachilengedwe yomwe yatha kuno ndi ku Mozambique kuyambira 2002. Pa Global Forest Watch, tsamba la pa intaneti loonetsa nkhalango pa mapu a setilaiti, gawo la primary forest, nambala ya Malawi ikutuluka yochepetsetsa, chonsecho ku nkhalango za Mvai ndi Dzonzi kuno ku Ntcheu tikuona ndi maso mmene mitengo yatheramo. Zalakwika pati?

A Nambewe, Dedza:
Ndi gawo mwasankhalo, achimwene. Mapu amenewo amawerenga nkhalango zowirira za madera a mvula yambiri, mmene zinalili mu 2001. Tchire lathu la mombo, tsamba ndi masuku, lomwe limayoyoka masamba m'chilimwe, lambiri silinalowemo. Sankhani tree cover loss, gawo loonetsa kutha kwa mitengo yamtundu uliwonse, loyambira 2001, ndipo muyeso wa mthunzi wa mitengo muutsitse kuchoka pa 30% kufika pa 10%. Pa 30% mukutaya tchire la mitengo yotalikirana. Muyesowo ukhale umodzi ku mayiko onse awiri.

A Jere, Dedza:
Musayerekeze mahekitala okhaokha. Mozambique ndi pafupifupi ma sikweya kilomita 800,000, Malawi 118,000 nyanja ili momwemo. Tengani zomwe zatha chaka chilichonse, mugawe ndi kukula kwa malo omwe anali ndi mitengo mu 2000 m'dziko lomwelo, mupeze peresenti.

Chomwe chimapusitsa ambiri n'chakuti setilaiti sidziwa paini. Ku minda ya paini ya ku Chongoni kapena ku Chikangawa akakolola mitengo yodzala, mapu amalemba kuti nkhalango yatha. Ikani malire a minda ya paini ndi bulugama mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta, muidule kaye musanawerenge. Kachidutswa kamodzi (pixel) ka chithunzi cha setilaiti ya Landsat ndi mamita 30 mbali zonse, ndiye kuti hekitala 0.09. Osawerengera kukula kwa malo mapu ali mu muyeso wa madigiri. Za Dedza ndi Ntcheu sinthani mupite ku UTM 36S, muyeso wa mapu wa m'mamita.

A Ngozo:
Ndachita. Koma mzere wa pa galafu wa mitengo yotha ukukwera modzidzimutsa zaka za pambuyo pa 2012, mbali zonse ziwiri.

A Nambewe:
Kwina n'kudula kwenikweni, kwina ndi diso lakuthwa la setilaiti yatsopano. Landsat 8 inayamba mu 2013, ndipo njira yowerengera inasinthidwa kuyambira 2011. Gawani nthawi pawiri, 2001 mpaka 2010 payokha, zotsatira pazokha, ndipo tengani avereji ya zaka zitatuzitatu, chifukwa mitambo imachititsa kuti malo odulidwa chaka chino aoneke chaka chamawa.

A Jere:
Makala ndiye mutu wina. Wootcha akasankha mombo waukulu n'kusiya timitengo, kachidutswako kamaonekabe kobiriwira, sikalembedwa. Sankhani malo 30 tsidya lino la msewu wa M1 cha ku Lizulu, ena 30 tsidya la Angonia ku Mozambique, muwaone pa zithunzi zakale za Google Earth za mwezi umodzi, makamaka Meyi masamba asanagwe. A tsidya lino okha mupite mukawerenge zitsa.