Mnzanga wangoti zii chifukwa cha ngongole, ndimutaye?

mchilobwe_wa_ku_Joni:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndili ndi mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo, tinakulira limodzi ku Chilobwe, ine ndinabwera ku Joni kuno iye anatsala akupanga geni ya kaunjika. Chapakati pa 2023 anandipempha ndimubwereke ya mpamba ndinamutumizira pa Mukuru, ati akangogulitsa belo abweza, mpaka lero zii, pa WhatsApp amangowerenga osayankha koma zithunzi akuika ndithu. Chondisokoneza mutu n'choti nthawi ya namondwe wa Freddy matope atatsika m'phiri la Soche usiku uja, munthu yemweyu ndi amene anabereka mayi anga kumsana n'kuwasunga kwawo mpaka tinapeza nyumba ina. Ndimuwerenge kuti ndi bwenzi kapena tambwali?

dolo_wa_mu_Limbe:
Aise ngongole ndi ngongole basi, zabwino anachita tikuthokoza koma asazisandutse chiphaso chodyera thukuta lako. Anthu akumudzi amaona ngati ku Joni marandi mumangotola pamsewu. Mwina alibedi, chabwino, nanga kuyankha uthenga nakonso kumafuna belo?

Nangozo:
Mwanawe ine ndine wamkulu pang'ono ndiye ndilankhula ngati mayi ako. Kwathu kuno amayi timakhala ndi anjira, ndipo chinjira sitichiyeza ndi zimene tapatsana ayi, timaona tsiku la zovuta. Anjira anga mwana wanga atagonekedwa kuchipatala anagona nane pasimenti kushedi kwa magadiyani, m'mawa uliwonse akukoleza mbaula kuphika phala, kwawo atasiya ana ndi munda wosapalira, koma anthu omwewa ali ndi poto wanga wamkulu chibwerekereni pa chinkhoswe cha mwana wawo sanabweze, ndimamuona ndithu pamoto ndikapita kukacheza kkkk. Ndiye ndidane nawo chifukwa cha poto? Usiku wa Freddy uja aliyense amathawitsa moyo wake ndi ana ake, iye anakumbukira mayi a munthu woti ali kunja sakumuona n'komwe. Ndalama yako ikanatha kulowa m'matope muja kukawatenga?

kabaza_265:
Tikumbukenso kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, a kaunjika ambiri anaoda belo limodzi atagulitsa ndalama yake sinakwanenso kuoda lina. Ine ndikuona ngati mnzakoyo ndi manyazi chabe, munthu ukakhala ndi ngongole kwa mlendo umanama bwinobwino koma kwa mnzako weniweni pakamwa pamauma, ndiye umangothawa. Sindikumuikira kumbuyo, kukhala chete kwakeko walakwitsa ndithu.

dolo_wa_mu_Limbe:
Anangozo poto ndi mpamba wa belo n'zosiyana mayi, inu poto mukumuona, mnzathuyu akuona chani?

mchilobwe_wa_ku_Joni:
Zikomo nonse. Mayi Nangozo mwandilasa, chifukwa dzulo lomweli mayi anga amandiuza pafoni kuti mnzangayo amapitabe kukawaona, nthawi zina atanyamula kashuga, koma dzina langa likangotchulidwa amasintha nkhani. Ndalamayo ndikuifunabe sindinama, kuno lendi siseka ndi munthu. Ndawauza mayi kuti akabweranso angondiimbira pafoni yawo n'kumupatsira, aziti akana bwanji pamaso pawo. Za belo ndizisiya kaye, ndiyamba n'kumufunsa za ana.