Kukwera mumtengo mumdima ndi saddle: masitiki, SRT kapena sitiki imodzi?

Wofunsa, Niles:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto la kuntchito. Ntchito yanga mukuidziwa, kudula ndi kudulira mitengo. Koma bwana wathu ali ndi nkhalango yomwe amabwereketsa kwa alenje a agwape kuno ku Michigan, ndiye chaka chino wandipatsa makasitomala awiri omwe agula saddle kuti ndiwakonzere mitengo komanso ndiwaphunzitse kukwera. Kwa amene simunaione, saddle ndi lamba wokhalira, wofanana ndi wathu wakuntchito koma wopepuka. Mlenje amadzimangirira ku thunthu ndi chingwe chachifupi chotchedwa tether, mapazi n'kuponda pa kapulatifomu, pamtunda wa mafiti 20, pafupifupi mamita 6.

Mmodzi ndi mnyamata. Winayo ndi bambo wa zaka zoposa 50, wathupi, ndipo bondo lakumanja limawavuta. Ine ndinawaphunzitsa SRT, njira yokwera pa chingwe chimodzi chodutsitsidwa pa nthambi yapamwamba, poti ndi yomwe ndimaidalira, ndipo masana zinayenda bwino. Loweruka tinakayesa m'bandakucha ngati mmene adzachitire pa 1 October nyengo ya uta ikatsegulidwa. Kathumba koponyera kachingwe pa nthambi ndinakaphonyetsa kasanu, ndipo nthawi iliyonse kakagwa pa masamba ouma phokoso lake linkamveka nkhalango yonse. Kachingwe kanakodwa m'zitsamba. Katalowa, kanadutsa pa nthambi yomwe sindinathe kuiona bwino ndi tochi. Masiku ena akufunanso kukasaka pa malo a boma. Ndiwapatse njira iti?

Mkulu wa zingwe, South Bend:
Achimwene, phokosolo lisiyeni kaye. Chomwe chandiimitsa mutu ndi nthambi imene simunaioneyo. Mwakwera pa iyo? Kuntchito sitikwera tisanayang'ane pomwe chingwe chagwira, kenako timachikoka awiri ndi thupi lonse. Nanga mumdima zimenezo mungazichite bwanji?

Kumbukirani kuti dera lathu lino ladzaza mitengo ya ash youma. Kachilombo ka emerald ash borer kanapezeka koyamba kufupi ndi Detroit mu 2002, ndipo kuchokera pamenepo kapha ash wosawerengeka. Ash akauma amathyoka ngati chikonyo, osachenjeza. Ndinaonapo nthambi yonenepa ngati ntchafu yanga ikuduka ndi kulemera kwa munthu mmodzi, mwamwayi anali asanachoke pansi.

SRT ndi yabwino, koma kwa mlenje imafuna kukonzeratu. Pitani masana mu September, sankhani mphanda yamoyo, dutsitsani paracord (chingwe chopyapyala) n'kuisiya yolumikiza ngati lupu mpaka pansi. Tsiku losaka mumangomangirirapo chingwe chokwerera n'kukoka, mphindi ziwiri chafika, popanda kuponya kanthu. Ndipo chingwecho chizungulire thunthu lenilenilo pamwamba pa mphanda, osati nthambi yokha.

Wofunsa, Niles:
Ayi bambo, sitinakwere. Ndinachitsitsa, tinabwerera kugalimoto.

Mayi wa ku Kalamazoo:
Mwachita bwino. Ine ndimagwira ntchito ngati yanuyo, ndipo saddle ndasaka nayo nyengo zinayi. Kwa bambo amenewo ndikanapita ndi masitiki basi, timakwerero tatifupi tomangirira ku thunthu. Anayi, a mapondero mbali zonse ziwiri kuti mapazi onse aime pamodzi pamene akumanga yotsatira. Lineman's belt, chingwe chomangirira mbali zonse ziwiri za chiuno, ikhale itazungulira thunthu kuyambira phazi loyamba kuchoka pansi, ndipo ikhale pamwamba pa chiuno, osati pansi pake.

Musawapatse aider. Timapondero tansalu timeneti timawonjezeradi kutalika, koma timagwedezeka, ndipo mtengo ukakhala wopendekeka phazi limathawira kumbali. Munthu wa bondo lovuta, atavala nsapato zolemera za m'nyengo yozizira, kufufuza kapondero ndi chala chakuphazi mumdima, ayi. Ayandikizeni masitikiwo, mpata wake ulingane ndi mwendo wawo, osati wanu. Akafika mafiti 14 kapena 15 zakwana. Mtengo ukakhala ndi masamba kapena thunthu lina kumbuyo kwawo, gwape sawaona. Anthu amalimbikira mafiti 20 ngati ndi lamulo, chonsecho mukakwera kwambiri ngodya yolasira imaipa gwape akayandikira.

Malo oopsa ndi awiri. Poyamba ndi podutsa nthambi: amange tether pamwamba pa nthambiyo asanamasule lineman's belt. Kachiwiri ndi pochoka pa sitiki yomaliza kupita pa pulatifomu. Pulatifomu ikhale molingana ndi pondero lomaliza kapena pansi pake pang'ono, ndipo tether ikhale itamangidwa kale.

Zitsulo zikamagundana, kulungani ndi tepi ya hockey.

Mnyamata wa ku Elkhart:
Pepani akuluakulu, koma bwanji osayesa sitiki imodzi? Ine ndimayenda mtunda wautali pa malo a boma, kunyamula masitiki anayi ndinasiya. Sitiki imodzi yokhala ndi aider, chingwe cha mafiti 40, ndi chipangizo chotsikira pa chingwe chotchedwa Madrock Safeguard. Umakwera, kukankhira tether mmwamba, kukhala mu saddle, kumasula sitiki n'kuikweza. Katatu kapena kanayi wafika. Potsika umangotsetsereka pa chingwe. Chikwama chimapepuka kwambiri.

Mkulu wa zingwe, South Bend:
Kwa iwe mwana wanga zikuyenda chifukwa ndiwe wopepuka ndipo wazolowera. Koma tayang'ana bwino zomwe zimachitika ukamakwera pa sitikiyo. Tether wakusiya pamwamba pa mutu, wakwera mapondero awiri, tsopano ali pachifuwa, kenako pachiuno, ndipo chingwe chalendewera. Zingwe zimenezi sizitamuka ngati za okwera mapiri. Ukaterereka pamenepo, ngakhale mita imodzi yokha, msana ndi umene umalandira zonse. Amene amachita bwino njira imeneyi amakoka chingwe pa pondero lililonse ndiponso amawonjezera lineman's belt. Kuwerama utalendewera kuti ufikire sitiki ili kumapazi, bambo wamimba ndi bondo lake sangakwanitse kangapo konse.

Chimodzi chokha ndikugwirizana nawe: kutsika pa chingwe. Munthu wakhala maola anayi pachisanu, miyendo yachita dzanzi, kunja kwada, ndiye azifufuza mapondero chafutambuyo? Bola atsetsereke.

Wodula mitengo, Grand Rapids:
Nanga ma spike akuntchito aja, zitsulo zosongoka zovala kumiyendo zobaya thunthu? Ndi achangu kuposa zonsezi.

Mayi wa ku Kalamazoo:
Ayi achimwene. Ngakhale kuntchito ma spike timavala pa mtengo womwe tikuugwetsa basi. Komanso pa malo a boma ku Michigan n'koletsedwa kugwiritsa ntchito chilichonse choboola khungwa, ngakhale mapondero opotokola aja. Pa malo a bwana wawo lamulolo silifika, koma ngati muli red oak ganizirani za matenda a oak wilt. Tizilombo timanyamula matendawa kupita pa bala latsopano, n'chifukwa chake DNR, nthambi ya boma yoona zachilengedwe, imati oak asadulidwe kuyambira 15 April mpaka 15 July. Red oak akagwidwa amatha kuuma m'masabata ochepa, ndipo matendawo amayenda m'mizu kupita ku mitengo yoyandikana nayo. Mitengo yomwe ikugwetsa zipatso zokopa agwapeyo ndiye muziibaya?

Ndinaiwala: pewani shagbark hickory. Khungwa lake limakanganuka ndi phokoso, ndipo lamba wa sitiki sagwira bwino.

Wofunsa, Niles:
Ndabweranso kudzanena mmene zayendera. Bambo aja ndawaika pa masitiki anayi opanda aider. Tinayamba masana pa sitiki imodzi yokha, kukwera ndi kutsika mpaka manja atazolowera kukankha lineman's belt osaganiza. Kutsetsereka pa chingwe tinayesera pa mafiti 6, ine nditagwira kumapeto kwa chingwe pansi, ndipo ndawonjezera mfundo ya autoblock pansi pa chipangizo kuti akasiya dzanja aime pomwepo. Dzulo tinakwera mumdima pa white oak. Anafika mafiti 15 mwakachetechete, ndinangomva lamba akukhula khungwa. Atakhala mu saddle anatambasula mwendo wa bondo lija n'kundiuza kuti pamenepo angakhale mpaka masana.

Kasitomala wanga wachinyamata uja wakonda SRT, ndiye ndamusiyira paracord m'mitengo itatu ya pa malo a bwana. Wachinayi womwe ndinausankha poyamba ndinaupeza ndi timabowo tooneka ngati D pakhungwa. Unali ash. Ndaulemba penti kuti tiugwetse.

Chatsala ndi November. Chingwe chikanyowa n'kuuma ndi chisanu, chipangizo chimagwirabe?

Mkulu wa zingwe, South Bend:
Chingwe choundana chimaterera, ndipo mfundo sigwira msanga. Akafika pamwamba achikulunge n'kuchiika m'chikwama, chisamalendewere pa mvula. Kunyumba achiyanike m'chipinda, kutali ndi hita. Ndipo asanamasule tether kuti atsike, akhalire kaye chingwecho ndi thupi lonse, aone kuti chagwira.