Za Citi Golf ija: cage yatha, injini yalira

Achimwene, mwezi wathawu ndinafunsa ngati ndiyambe ndi roll cage (mapaipi achitsulo oikidwa m'kati mwa galimoto kuti ateteze woyendetsa ikagubuduzika) kapena kusintha injini pa galimoto yanga ya Volkswagen Citi Golf yomwe ndikufuna kukathamangitsa ku bwalo la mipikisano ya magalimoto la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria. Ambiri munati ndiyambe ndi cage, ndipo ndinakumverani.

Tinasankha yowotcherera, osati ya mabawuti. Chitsulo chachikulu cha kuseri kwa mpando ndi paipi yopanda msoko ya 45 x 2.5 mm, monga FIA (bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse) imafunira, ndipo phazi lililonse la cage lakhala pa chitsulo chochindikala 3 mm. Chomwe chinatisautsa ndi denga. Kuti wowotcherera afike pamwamba pa mfundo zake, tinachita kuboola pansi pa galimoto, kutsitsa cage yonse, kuwotcherera, n'kuikwezanso. Tsiku lathunthu linathera pomwepo. Mpandonso tinautsitsa, chifukwa helimeti yanga inkagunda paipi.

Injini ya ABF 2.0 16V, yochokera mu Golf 3 GTI, yalowa. Inalira titayesa kachitatu. Vuto linali waya wa earth (wobwezera magetsi kudzera mu thupi la galimoto), amene ndinaiwala ndine ndemwe, ndisanamizire munthu.

Koma panopa injini ikumatentha galimoto ikangoima kanthawi. Ndisinthe radiyeta yakale ija, kapena ndiyambe ndaona fani?